Zolemba za Ntchito Yowongola Tebulo la Makina Oboolera

Tsiku loyamba

Ndayamba zolemba izi chifukwa cha mabowo khumi ndi awiri amene ndinaboola sabata yatha m'zidutswa za mtengo wolimba zochindikala mamilimita 70, zimene ndinkafuna kulumikiza ziwiriziwiri ndi mabawuti aatali. Pamwamba pa chidutswa chilichonse biti, kachitsulo koboolera, inalowa ndendende pamene ndinalemba, koma potulukira kunsi inaphonya mzere ndi mpata woposa theka la milimita, ndipo kuphonyako kunkalowera mbali imodzimodzi nthawi zonse. Nditatembenuza chidutswa chimodzi kuti chiyang'anizane ndi chinzake, zolakwika ziwirizo zinaphatikizana, moti bawuti linakana kudutsa. Biti ikanakhala yobuntha, mabowo akanasokera uku ndi uku motsatira mitsempha ya mtengo. Kusokera kofanana chotere kunandiuza kuti vuto lili pa tebulo limene mtengowo unakhalapo.

Makina anga ndi oimirira pansi, a mzati wautali, ndipo tebulo lake limakwera ndi kutsika pa chitsulo cha mano chimene chinagona m'mbali mwa mzatiwo. Tebulolo limathanso kupendekeka kumanja kapena kumanzere munthu akamasula bawuti lalikulu limene lili kunsi kwake, pamene tebulo limakumana ndi mkono wolinyamula. Miyezi ingapo yapitayo ndinalipendeketsa pa madigiri 45 chifukwa cha ntchito ina, ndipo kuti zimenezo zitheke ndinazula kapini kamene opanga makinawa anaikapo kuti kazigwira tebulo pa ziro. Pobwezera, sindinadalire kapiniko kapena manambala a pa sikelo yake. Ndinatenga levulo ya omanga nyumba, n'kuiika pa tebulo, n'kumanga bawuti kathovu katafika pakati, ndipo ndinachoka ndili wokhutira kuti ndachita zinthu mosamala.

Lero ndaika levulo yomweyo pa simenti pamene pakhala makinawa, ndipo ndapeza kuti pansipo panawakidwa motsetsereka pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuti madzi azituluka. Kutsetsereka kotereku n'kopitirira pang'ono theka la digiri. Choncho makina onse, kuyambira phazi, mzati, mpaka mutu ndi biti, anapendekekera mbali imodzi, pamene tebulo lokha ndinaligoneka molingana ndi dziko. Levulo sinaname ayi, koma inayankha funso limene silikhudza bowo. Kathovu kamadziwa kumene kuli pansi, koma sikadziwa kumene biti ikuloza. Chimene bowo lowongoka limafuna ndi chakuti nkhope ya tebulo ikhale pa madigiri 90 ndi mzere umene spindle, chitsulo chozungulira chimene chimanyamula biti ndi chuck (chida cha zibwano chogwira bitiyo), imazungulirapo. Zimenezi zikatheka, makina angathe kuboola molondola ngakhale atawaimika potsetsereka.

Ndalemba masamu ake pachikuto cha kope kuti ndisamawaiwale: digiri imodzi ikalakwika, bowo limasokera mamilimita 1.75 pa mamilimita 100 alionse a kuya kwake. Sikelo yomatidwa pa mkono wa tebulo ili ndi mizere yotalikirana digiri imodzi, ndipo kamuvi kake n'kokhuthala kuposa mizereyo, kotero diso silingaone gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri limene ine ndikulifuna.

Tsiku lachiwiri

Ngakhale ndanena kuti kuima kwa makina onse sikuwongola bowo, ndayambabe ndi phazi. Makina a mtundu uwu ndi olemera kumutu chifukwa mota ndi mapule zili pamwamba, ndipo akapendekeka amakhala osavuta kugwa munthu akaika thabwa lalitali pa tebulo. Ndalowetsa timapuleti tachitsulo pansi pa mbali yotsika, ndayeza mzati ndi levulo kutsogolo ndi m'mbali mpaka waima chilili, kenako ndamangirira phazilo ku simenti ndi mabawuti anayi. Pomanga mabawutiwo ndaonetsetsa kuti pansi pa bowo lililonse pali chochirikiza, chifukwa phazi ndi la chitsulo chosungunula, chimene sichipindika koma chimathyoka ngati bawuti lichikokera pamalo opanda kanthu. Mzati utangoima bwino, levulo inayamba kuonetsa poyera kuti tebulo lagwera kumanja.

Nthawi yotsala yonse yathera pa kuyeretsa. Mzati unali ndi dzimbiri lopyapyala ndi girizi wakale wosakanikirana ndi utuchi, makamaka pamene mkono wa tebulo umaugwira. Ndapukuta ndi palafini, ndachotsa dzimbiri ndi sandipepala yosalala kwambiri, ndipo mano a chitsulo chokwezera ndawatsuka limodzilimodzi ndi kaburashi. Pa tebulo penipeni panali timabowo tingapo tosiyidwa ndi biti imene inapyola ntchito, ndipo m'mphepete mwa kabowo kalikonse munali kamlomo kotukuka kamene chala chimakamva ngakhale diso silikaona. Timilomo totere timanyamula chidutswa cha ntchito mbali imodzi ndipo timasokoneza muyeso uliwonse. Ndatitsitsa ndi mwala wosalala wonolera matchizulo, ndikuuyendetsa mozungulira popanda kuukanikiza.

Nditatha ndagoneka lula yachitsulo yowongoka pa tebulo, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, n'kumayesa kulowetsa masamba a feeler gauge, timasamba tachitsulo topyapyala toyezera mipata, pansi pake. Tsamba la mamilimita 0.05 limalowa pafupi ndi bowo lapakati, koma la 0.08 likukana. Tebulolo ndi lolowa pang'ono pakati ngati mbale yosaya. Ndalivomereza momwemo, chifukwa chinthu choikidwa pa tebulo lotere chimakhazikika m'mbali mwake osagwedera, kusiyana ndi tebulo lotumbika pakati limene limagwedeza chilichonse.

Tsiku lachitatu

Lero tebulo sindinalikhudze. Ndazula pulagi ku magetsi, ndamasula lamba, ndipo ndamanga mu chuck kandodo kachitsulo kosalala ka mamilimita 12, kamene ndinayamba ndakagubuduza pa galasi kuti nditsimikize kuti n'kowongoka. Pambali pake ndaika dial indicator, chida chokhala ngati kawotchi chimene muvi wake umasonyeza kusuntha kwa mamilimita 0.01 pa mzere uliwonse. M'zolemba izi ndizingochitchula kuti kawotchi. Popukusa pule ndi dzanja, muvi unkayenda mamilimita 0.18 pamalo otalika mamilimita 25 kuchokera pa zibwano za chuck, ndipo kumunsi kwa kandodoko unkayenda pafupifupi kawiri kuposa pamenepo. Uku ndi kumene amisiri amati biti ikuvina.

Chuck ya makina anga siimangidwa ndi bawuti. Imakhala pa chitsulo chosongoka mbali zonse ziwiri: mbali yaifupi imalowa mu chuck, ndipo yaitali imalowa mu spindle. Mbali yaitaliyo pa makina anga ndi Morse taper ya nambala 2, muyeso wa kusongoka umene unayambitsidwa ndi Stephen A. Morse m'zaka za m'ma 1860 ndipo ukugwirabe ntchito mpaka lero. Kusongoka kwake ndi pafupifupi digiri imodzi ndi theka mbali iliyonse, ndipo kuchepa kwa kusongokako n'kumene kumachititsa kuti zitsulo ziwirizo zigwirane zokha zikakanikizidwa. Ndimachita nayo chidwi nzeru imeneyi, koma ili ndi chofooka chimodzi: kachitsotso kakang'ono kwambiri kakatsalira pakati pa nkhope ziwirizo, chuck yonse imakhala mopendekeka.

Ndatsitsa quill, chubu chimene chimatsika ndi spindle munthu akakoka chogwirira, mpaka bowo lake la m'mbali laonekera, n'kulowetsamo kachitsulo kopyapyala kozulira ndi kumenya pang'ono, ndikulandira chuck pa nsalu yopinda kuti isagwere pa tebulo. Kawotchi katakhudza mkati mwa spindle yopanda kanthu, muvi unangoyenda mamilimita 0.02, zimene zinandikhazika mtima pansi, popeza zinasonyeza kuti spindle sinapindike ndipo mabering'i ake akadali bwino. Pa chitsulo chosongokacho ndinapeza kachipsera kotukuka ndi mafuta ouma. Kachipserako ndakasalaza ndi mwala wonolera, malo okhawo osakhudza pena, kenako ndapukuta nkhope zonse ndi sipiliti mpaka nsalu yoyera yasiya kuda. Pamenepa sipafunika oyilo ngakhale dontho. Pobwezera, ndalowetsa zibwano zonse mkati mwa chuck kuti zisalandire nkhonya, ndaika chidutswa cha thabwa pa tebulo, n'kukanikiza chuck pa thabwalo ndi chogwirira mwamphamvu. Tsopano muvi ukuyenda mamilimita 0.05, ndipo kumanga chuck ndi kiyi m'mabowo ake onse atatu kumathandiza kuti muyesowo uzibwera chimodzimodzi nthawi iliyonse.

Pali mfundo imodzi imene ndiyenera kuilemba kuti mawa isandisokoneze. Njira yofala yoyezera tebulo ndi yoimika sikweya pambali pa kandodo ka mu chuck n'kumayang'ana kuwala kodutsa pakati pake. Njirayi imatengera kuvina konse kwa chuck, chifukwa kandodoko kakazungulira theka, mpata wa kuwala umasintha. Njira imene ndigwiritse ntchito mawa, yozunguliza chida pa tebulo, siivutika ndi zimenezo, popeza nsonga iliyonse yomangidwa ku spindle imajambula bwalo lokhala pa madigiri 90 ndi mzere wozungulirapo, ngakhale chuck itaigwira mokhota. Komabe ndinafuna kuti chuck ikhale bwino ndisanapitirire, kuti pa tsiku loyesa ndi bowo lenileni ndisadzaimbe tebulo mlandu wa chuck.

Tsiku lachinayi

Ndayamba ndi waya wolimba wokhuthala mamilimita 3. Ndaupinda kawiri, kuti mbali imodzi ilowe mu chuck, pakati pagone mopingasa mamilimita 100, ndipo nsonga iloze pansi. Ndakweza tebulo mpaka nsongayo yangokhudza kumanzere, n'kumanga chomangira cha pa mzati, kenako ndapukusa spindle ndi dzanja kupita kumanja. Kumeneko nsonga inalendewera m'mwamba ndi mpata woti ndalama yachitsulo n'kulowa. Aliyense amene alibe kawotchi asaderere waya ameneyu. Pepala wamba lolembapo limakhuthala pafupifupi mamilimita 0.1, ndipo munthu akasintha tebulo mpaka pepalalo likukokeka mofanana pansi pa nsonga mbali zonse ziwiri za bwalo la mamilimita 200, ndiye kuti cholakwika chatsika kufika pa magawo atatu okha mwa magawo 100 a digiri, zimene n'zokwanira pa ntchito iliyonse ya matabwa.

Ine ndapitirira ndi kawotchi chifukwa ndimaboolanso zitsulo, komanso chifukwa manambala amandithandiza kuona chimene chikuchitika pamene ndikumanga bawuti. Ndakamangirira pa kamkono kolowa mu chuck, kutalika kwake mamilimita 100 kuchokera pakati. Popeza tebulo lili ndi mipata yolowetsamo mabawuti a vayisi, imene ingakole nsonga ya kawotchi n'kuipinda, ndayala galasi lokhuthala mamilimita 6 pamwamba pake. Kuti nditsimikize kuti galasilo silikuwonjezera cholakwika chake, ndayeza kamodzi, ndalizunguliza theka, n'kuyezanso, manambala anafanana. Ndaonetsetsanso kuti pakati pa tebulo pali pansi penipeni pa spindle, chifukwa masamu otsatirawa amadalira zimenezo.

Nditaika ziro kumanzere, kumanja kunatsika ndi mamilimita 2.05. Nambala imeneyi ikugwirizana ndi kutsetsereka kwa simenti kumene ndinayeza tsiku loyamba, ndipo ikugwirizananso ndi kusokera kwa mabowo aja, popeza mamilimita 2.05 pa 200 amabala mamilimita 0.7 pa mtengo wochindikala 70. Zinthu zitatu zosiyana zikaloza malo amodzi chotere, munthu amagwira sipanala ndi mtima umodzi.

Tebulo limapendekeka pa bawuti lapakati, choncho mbali imodzi ikakwera inayo imatsika ndi muyeso womwewo. N'chifukwa chake pokonza sitichotsa kusiyana konse, timachotsa theka lake. Ndamasula bawuti pang'ono chabe, kuti tebulo likhale logwirabe koma lotha kusuntha likamenyedwa, ndipo ndagogoda kunsi kwa mbali ya kumanja ndi hamala ya labala mpaka muvi wabwerera ndi mamilimita 1.02. Nditaikanso ziro kumanzere n'kubwerera kumanja, kusiyana kunali 0.03. Mpaka pamenepa ntchito inatenga mphindi zochepa.

Chimene chandidyera masana onse ndi kumanga bawutilo. Sipanala ikamalizungulira, mutu wake umakokera tebulo mbali imene ukupita, moti pomaliza kumanga muvi unali utasuntha mamilimita 0.12. Ndinamasula, n'kuwongola, n'kumanganso, koma zinachitika chimodzimodzi kachiwiri ndi kachitatu. Nditachotseratu bawutilo, tebulo litatsamira pa thabwa kuti lisagwe, ndinapeza kuti washala wake ndi wofewa ndipo wadyeka mbali imodzi. Ndaikapo washala wolimba, ndapaka oyilo pang'ono pansi pa mutu wa bawuti, ndipo kukokako kwatsika kufika pa 0.05. Kotsalako ndakugonjetsa pochita kukuyembekezera: ndasiya dala mbali imodzi itapitirira ndi 0.05 ndisanamange, kenako ndamanga pang'onopang'ono maso ali pa muvi. Ulendo wachisanu kusiyana kwa kumanja ndi kumanzere kunatsala mamilimita 0.02, ndipo pamenepo ndaleka.

Tsiku lachisanu

Kutsogolo ndi kumbuyo ndi nkhani ina, chifukwa opanga makina a mtundu uwu saikapo bawuti losinthira mbali imeneyi. Nditaika ziro kumbuyo, pafupi ndi mzati, kutsogolo kunatsika ndi mamilimita 0.40. Ndinayesa kumasula chomangira cha pa mzati kuti ndione chimene chingachitike, ndipo tebulo linazyolika mpaka 0.90, chifukwa pakati pa mzati ndi mkono pali mpata wofunika kuti tebulo lizitha kukwera, ndipo kulemera kwake kumaligwetsera mu mpata umenewo. Kuchokera lero, muyeso uliwonse wotengedwa chomangira chisanamangidwe sindiulemba n'komwe, ndipo bowo lililonse loboola chomangira chili chomasuka ndiziliona ngati lolakwika kale. Ndaonanso kuti manambala amabwera mofanana kwambiri ndikafika pa msinkhu wofunikawo ndikukweza tebulo, kusiyana ndi kufikapo ndikulitsitsa, popeza pokweza mano amakhala atanyamula kale katundu.

Ndisanaike kanthu kalikonse ndinafuna kudziwa pamene 0.40 ameneyu akuchokera, chifukwa pali malo atatu okayikitsa: mzati ungakhale wopindika, mutu ungakhale utakhala mowerama pa mzati, kapena mkono wa tebulo ungakhale wosapalidwa bwino. Ndayeza tebulo lili pamwamba, pakati ndi pansi, pogwiritsa ntchito kandodo kotalikitsa, ndipo ndapeza 0.40, 0.42 ndi 0.38. Kufanana kumeneku kwachotsa mzati pa mlandu. Pofuna kuyesa mutu, ndamangirira kawotchi ku quill, nsonga yake itakhudza kutsogolo kwa mzati, n'kutsitsa quill mamilimita 80 amene imatha kuyenda. Muvi unangosuntha 0.02, kusonyeza kuti quill imatsika molingana ndi mzati. Chotsala ndi mkono wa tebulo, ndipo ndi mwayi kuti zili choncho, chifukwa kunyamula mutu wa makinawa pa mzati si ntchito ya munthu mmodzi.

Pamene tebulo limakumana ndi mkono pali nkhope ziwiri zozungulira zoimirira, zimene bawuti lalikulu lija limazipanikiza. Kachitsulo kopyapyala, kamene amakaniko amati shimu, kakalowa kumunsi kwa nkhopezo, kamakankhira mbali ya pansi kutsogolo, ndipo mphuno ya tebulo imadzuka. Kukhuthala kwake kumapezeka ndi masamu osavuta. Kuchokera pamwamba pa nkhopezo, pamene zitsulo zidzakhudzane, kufika pamene shimu ikhale pali mamilimita 80. Ngati cholakwika chili 0.40 pa mamilimita 200, ndiye kuti pa mamilimita 80 chili 0.16.

Poyamba ndinadula kachitini ka chakumwa, kamene khungu lake limakhuthala pafupifupi mamilimita 0.1, kuti ndione ngati ganizolo likugwira. Linagwira, mphuno inadzuka, koma aluminiyamu ndi wofewa ndipo nditachotsa kachidutswako ndinapeza kataphwanyika m'mphepete. N'koyenera poyesera, koma sindingakasiye pamalo pamene bawuti limamangidwa mwamphamvu chotere. Ndatenga shimu yamkuwa n'kuidula ngati mwezi wongooneka kumene, kuti itsatire m'mphepete mwa nkhope n'kunyamula malo otambalala m'malo mosindikiza pa kadontho kamodzi, chimene chingathe kung'alula chitsulo chosungunula.

Apa ndinayenera kusankha pakati pa shimu ya 0.15 ndi ya 0.20. Pa masamu, yoyambayo ikanasiya kutsogolo kutatsika pang'ono kwambiri, pamene yachiwiriyo ikanakukweza kupitirira ndi 0.10. Ndasankha yachiwiri. Chifukwa changa n'chakuti kawotchi kamayeza tebulo limene likupuma, pomwe bowo limabooledwa pa tebulo limene likukanikizidwa, ndipo kukanikizako kumagwetsa mphuno nthawi zonse, sikuidzutsa. Nditamanga zonse, kutsogolo kwakwera ndi 0.06. Kumasula bawuti kunasokoneza ntchito ya dzulo, kotero ndabwerezanso kuwongola kumanja ndi kumanzere, ndipo ulendo uno zatheka pa kuyesa kwachiwiri.

Chenjezo kwa ine ndemwe: shimu iyenera kukhala ndi mkono, osazungulira ndi tebulo. Ikatsatira tebulo pa tsiku lolipendeketsa, idzachoka kumunsi n'kupita m'mbali, ndipo idzayamba kupotoza tebulo m'njira ina. Ndaisiyira kamchira kotulukira kunja kamene ndakapindira pansi pa mkono kuti kaigwire pamalo pake.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi

Ndafuna kuona ndi maso kugonja kwa tebulo kumene ndinkakuganizira dzulo. Ndamata phazi la maginito la kawotchi pa mzati, nsonga yake itakhudza tebulo chakutsogolo, kenako ndatseka chuck n'kuikanikiza pa chidutswa cha thabwa ndi mphamvu yofanana ndi imene ndimagwiritsa ntchito poboola chitsulo ndi biti ya mamilimita 12. Tebulo linatsika mamilimita 0.15, ndipo nditasiya chogwirira linabwerera pomwe linali. Ndi mphamvu yochepa ya poboola mtengo linangotsika pakati pa 0.05 ndi 0.07, kutanthauza kuti shimu ya dzulo ikulifikitsa pa sikweya pa nthawi imene biti ikudya.

Pa ntchito zolemera ndakonza chochirikiza. Ndi jeke yaing'ono ya sikuluwu yoima pa chipika chimene chakhala pa phazi la makina, mutu wake utagunda kunsi kwa tebulo. Ndi chochirikizachi kutsika kuja kwachepa kufika pa 0.03. Jekeyo iyenera kukwezedwa mpaka itangokhudza basi, pamene muvi wayamba kunjenjemera. Ikapitirira, imadzutsa tebulo n'kubweretsa cholakwika chatsopano choloza kwina.

Ndayezanso kugwedera kwa quill. Ili m'mwamba siigwedera konse, koma itatsika mpaka pamapeto, kuikankha ndi dzanja m'mbali kunasuntha muvi mamilimita 0.12. M'mbali mwa mutu muli kasikuluwu kokhala ndi nati, kamene nsonga yake imayenda mu mpata wa quill. Ndakamanga pang'onopang'ono mpaka quill yayamba kuchedwa kubwerera yokha, n'kukabweza pang'ono, kenako ndamanga nati. Kugwederako kwatsika kufika pa 0.05. Kotsalako kuli m'mapangidwe a makinawo, ndipo mankhwala ake ndi kukweza tebulo kufupi ndi biti kuti quill isamatuluke kutali popanda chifukwa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri

Tebulo lachitsulo ndi laling'ono pa ntchito ya matabwa, choncho ndapanga lina loyala pamwamba pake pomata mapulayiwudi awiri a mamilimita 18. Ndawapaka vanishi mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi mosiyana n'kupindika. Pakati ndasema malo a kachidutswa kosinthika kolandira biti ikapyola, ndipo ndakaika mosemphana pang'ono ndi pakati pa spindle kuti ndizikatembenuza kanayi kasanathe. Nditalimangirira ndi mabawuti anayi kudzera m'mipata ya tebulo lachitsulo, ndayalanso galasi n'kuzunguliza kawotchi. Ngodya ya kumbuyo chakumanzere inatsika ndi 0.10, ndipo pepala limodzi lolowetsedwa pansi pake pafupi ndi bawuti lathetsa zimenezo. Ndikanapanda kuyezanso, ntchito ya masiku atatu ikanabisika pansi pa thabwa losalingana.

Kenako ndinaboola. Ndatenga zidutswa ziwiri za mtengo womwe uja wa mamilimita 70, zopalidwa bwino nkhope zonse, ndazipanikiza ndi kilampu, n'kuboola chilichonse ndi biti yakuthwa ya mamilimita 12, ndikuitulutsa kawirikawiri kuti utuchi usaikankhire pambali. Ndazitunga zonse ziwiri pa kandodo kosalala kaja, chimodzi pamwamba pa chinzake, n'kuzunguliza chapamwambacho theka. Mabowo akakhala opendekeka, kuzunguliza kotere kumatsegula mpata mbali imodzi pakati pa nkhope ziwirizo, ndipo mpatawo umaonetsa cholakwikacho kawiri. Ndayang'anitsa pa kuwala kwa zenera mbali zonse zinayi, koma kuwala sikunadutse, ndipo tsamba la 0.05 linakana kulowa. Bawuti limene linakana sabata yatha ladutsa m'zidutswa zatsopanozi pongolikankha ndi chala.

Kapini ka pa ziro ndayesa kukabwezera, koma kakukana kulowa bwinobwino, ndipo nditakagogoda pang'ono muvi unayamba kuchoka pamene ndinausiya. Zikuoneka kuti bowo lake linabooledwa mophonya pang'ono, kotero ndakachotsa, ndakasunga m'kabokosi ka zida za makinawa, n'kuwongolanso tebulo. M'malo mwake ndajambula mzere wopyapyala ndi nsonga yachitsulo kudutsa pamene tebulo ndi mkono zimakumana, woti uzindifikitsa pafupi ndikapendeketsa tebulo, ndipo waya wopinda uja ndaupachika pa msomali kuseri kwa mzati kuti uzimalizitsa kotsalako. Mzati ndi tebulo lachitsulo ndazipaka phula lopyapyala loteteza dzimbiri, kupatula nkhope ziwiri zopanikizidwa ndi bawuti, zimene ziyenera kukhala zouma kuti zigwirane.

Manambala a lero ndi awa: kumanja ndi kumanzere kusiyana 0.02, kutsogolo kukwera ndi 0.06, kuvina kwa chuck 0.05. Ndawalemba pa kapepala komata mkati mwa chivundikiro cha malamba. Chatsala ndi kupanga mpanda wotsamiritsa ntchito pa tebulo lathabwa, umene uyenera kuima pa sikweya ndi nkhope yake, ndiponso kuzungulizanso kawotchi pakatha mwezi kuti ndione ngati shimu yamkuwa yafinyika kapena pulayiwudi yasuntha ndi chinyezi. Mawa ndidula zidutswa khumi ndi ziwiri zatsopano zolowa m'malo mwa zimene zinawonongeka zija.